Balbu la gladiolus likagona tulo: ntchito ya firiji, mahomoni ndi tsiku lobzala kuno ku Chipata

Mlimi wa maluwa amakumba mabalbu a gladiolus, nkuwabzalanso sabata yomweyo pa bedi lothira manyowa. Amathirira mwezi wathunthu koma osaona kanthu. Akafukula amapeza ena ali gwa ngati mwala, ena ayamba kuwola. Ambiri amathamangira kunena kuti mbewu inali yoipa, pomwe mbewuyo inali mtulo. Balbu longokumbidwa kumene limagona miyezi iwiri, itatu, mwinanso kuposa, ndipo madzi kapena feteleza sizilidzutsa. Tiana take, timabalbu tija timamera mozungulira kunsi, timagona nthawi yaitali kuposa make.

Timalitchula kuti balbu chifukwa ndilo dzina lomwe lazolowereka kwa ogulitsa mbewu, koma silifanana ndi anyezi. Mukalidula pakati simupeza magawo okutirana. Mkati mwake ndi molimba ngati koko, chifukwa kwenikweni ndi tsinde lotupa lodzaza ndi chakudya. Pamwamba pali maso, diso lalikulu lili pakati, ndipo kunsi kuli malo otulukira mizu. Limakhala nyengo imodzi yokha: lakale limafota, latsopano limakula pamwamba pake.

Duwali si mlendo kwathu kuno. Mitundu yambiri ya gladiolus wakutchire ili kummwera kwa Africa, ndipo Gladiolus dalenii, wa maluwa ofiira mosakanikirana ndi chikasu, amamera yekha m'madambo ndi m'mapiri a Zambia ndi Malawi nthawi ya dzinja. Iyeyu ndi mmodzi mwa makolo a mitundu yomwe timagula lero. Mtundu wake wachikasu unatengedwa pafupi ndi mathithi a Victoria Falls kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nkukagwiritsidwa ntchito pokweranitsa mitundu ku Ulaya. Tulo tija ndi chitetezo chochokera kutchire komweko. Balbu likanamera ndi kamvula kosokera ka mu Meyi, mphukira ikanauma ndi chilimwe.

Chimene chimagoneka balbu

Mkati mwa balbu muli mahomoni, timankhwala tomwe chomera chimapanga chokha pang'onopang'ono kuti tilamulire kukula. Pa nthawi yokumba, homoni yotchedwa ABA imakhala yochuluka m'maso ndi m'makoko a balbu. Ntchito yake ndi kuletsa: maso asatupe, mizu isatuluke. Balbu likakhala pozizira kwa milungu ingapo, ABA imachepa, chakudya chokhuthala chija chimayamba kusanduka shuga, ndipo mahomoni olimbikitsa kukula, a gulu la gibberellin ndi la cytokinin, amayamba kupambana. Apo ndiye diso limadzuka.

Apa pali chinthu chomwe ambiri amasokoneza. Pali maluwa ena a kumaiko ozizira, monga tulip, omwe duwa lawo limapangika mkati mwa balbu lisanabzalidwe. Gladiolus sali choncho. M'balbu lomwe lili m'firiji mulibe duwa. Kuzizira kumangodzutsa diso basi. Ngala ya maluwa imayamba kupangika m'munda, chomera chikatulutsa tsamba lachitatu. Choncho firiji imakupatsani kumera kofulumira komanso kofanana, koma kutalika kwa ngala ndi kuchuluka kwa maluwa zimachokera ku kukula kwa balbu, dzuwa ndi madzi.

Kuya kwa tulo kumadaliranso nthaka yomwe balbu linakhwimira. Lokhwimira m'nthaka yotentha limagona kwambiri kuposa lokhwimira m'nthaka yozizira. Mabalbu okumbidwa m'dimba mu Okutobala kapena Novembala amafuna nthawi yaitali m'firiji kuposa okumbidwa mu Julayi kapena Ogasiti. Mitundunso imasiyana, ndiye musasakanize m'thumba limodzi.

Nanga chisanu chathu sichingagwire ntchitoyi? Chimathandiza pang'ono, koma sichikwana. Mu Juni ndi Julayi usiku wa ku Chipata umatsika kufika cha m'ma madigiri 10 mpaka 12, masana nkukweranso kupitirira 20. Balbu limafuna madigiri 4 mpaka 5 usana ndi usiku. Mukalisunga m'nyumba yopita mphepo lidzadzukabe lokha pakapita miyezi itatu kapena inayi, koma lililonse pa nthawi yake. Pa bedi limodzi mudzaona china chili ndi masamba anayi, china chikungotumphuka kumene. Wolima zokongoletsa pakhomo sadandaula nazo. Amene walonjeza ngala mazana awiri ku ukwati wa Loweruka linalake sangagone nazo tulo.

Musanatsegule firiji

Zolakwika zambiri zimachitika mabalbu asanalowe n'komwe m'firiji. Kumbani pakapita milungu 6 mpaka 8 mutadula maluwa, masamba akayamba kuchita chikasu koma asanaumiretu. Mukakumba msanga balbu limakhala losakhwima ndipo limafota posunga. Mukachedwa, tiana timathothokera m'nthaka, matenda nkulowa. Dulani phesi pafupi kwambiri ndi balbu tsiku lomwelo. Yanikani pamthunzi popita mphepo, pa thandala kapena pa sefa ya waya, osaunjika, kwa milungu iwiri kapena itatu, pa kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30. Dzuwa la mu Okutobala likawomba mwachindunji limawapsereza.

Kuyanikaku kumapoletsa zilonda za khasu ndi kuumitsa pamene balbu latsopano lagwirana ndi lakale. Likauma bwino, lakale limachoka ndi chala chachikulu mosavuta nkusiya chipsera choyera, chosalala. Likamakana, dikirani masiku ena. Mukalikakamiza mumang'amba kunsi kwa latsopano, ndipo pachilondapo ndi pomwe pamalowera Fusarium, bowa wosaoneka ndi maso yemwe amawoletsa mabalbu ndi kuchititsa masamba chikasu m'munda. Makoko akunja asiyeni, amateteza kuti lisaume. Lililonse lofewa, la madontho akuda olowa mkati, kapena lopepuka ngati lopanda kanthu, litenthedwe. Otsalawo awazeni mankhwala a ufa oteteza ku bowa monga mwa malangizo a pa paketi.

Sankhaninso kukula. Balbu losakwana masentimita 2.5 m'mimba mwake kawirikawiri silipereka ngala yogulitsika, libzaleni kuti likule. La masentimita 4 kupita m'mwamba ndilo la malonda. Lalitali msinkhu, lonenepa pakati, limaposa lotambalala koma lophwatalala ngati chitumbuwa, chifukwa lophwatalalalo nthawi zambiri ndi lokalamba.

M'firiji

Ikani m'masaka a ukonde aja a anyezi kapena m'mapepala oboola, pa shelefu ya pakati kapena ya pansi, osakhudza khoma lakumbuyo pomwe pamachita ayezi. Pulasitiki yomanga pakamwa ayi: balbu ndi lamoyo, limapuma, ndipo thukuta lake likasowa kotulukira pamamera chuku chobiriwira cha Penicillium. Chinyezi choyenera ndi cha m'ma 70 mpaka 80 pa 100. Mabalbu akuluakulu akhalemo milungu 8 mpaka 12, tiana miyezi itatu kapena inayi. Gulani themomita muiike pakati pa masaka, chifukwa manambala a pa kachotembenuzira ka firiji sanena madigiri. Firiza, ija youmitsa nyama ndi nsomba, imapha balbu usiku umodzi. Likasungunuka limakhala phala.

M'firijimo musakhale nthochi, maapozi, mapeyala, mango kapena tomato wakupsa. Zipatso zimatulutsa mpweya wa ethylene, womwenso ndi homoni, ndipo umasokoneza maso a balbu pa muyeso womwe simungaulamulire. Komanso mabalbu owazidwa mankhwala sayenera kukhala pamodzi ndi ndiwo za ana. Ngati malonda akuyenda, firiji yakeyake ndiyo nzeru.

Vuto lathu lenileni ndi magetsi. Amene analipo m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti firiji imatha kukhala tsiku lonse ili zii. Kuzima kwa maola ochepa sikuwononga ngati chitseko chili chotseka. Dzazani malo otsala ndi mabotolo a madzi, amasunga kuzizira. Choopsa ndi kukwera ndi kutsika kobwerezabwereza: mkati mukafunda, mame amagwa pa mabalbu, magetsi akabwera amakhala onyowa pozizira, chuku nkuyamba. Tsegulani masaka kamodzi pa sabata, muchotse odwala, onyowa muwaumitse. Masiku omwe themomita yakhala pamwamba pa madigiri 10 musawawerengere, onjezani ena kumapeto. Chozizira cha makala kapena cha mitsuko iwiri yothira mchenga wonyowa pakati chimathandiza kusunga masamba, koma sichifika pa madigiri 5, ndipo chinyezi chake n'chochuluka kwa mabalbu.

Kuzizira kuli ndi phindu lina. Tizilombo ta thrips, tating'ono takuda tomwe timakanda masamba kukhala otuwa ndi kulepheretsa maluwa kutseguka, timabisala pansi pa makoko. Milungu 6 kapena kuposa pa madigiri 2 mpaka 4 imapha tambiri pamodzi ndi mazira ake. Pa madigiri omwewo mungathenso kusunga mabalbu odzuka kale kuti asamere mpaka tsiku lomwe mukufuna.

Mukatulutsa musathamangire kumunda. Yalani pamthunzi, m'chipinda chofunda cha madigiri 20 mpaka 25, kwa sabata imodzi kapena iwiri. Kenako tembenuzani balbu muyang'ane kunsi. Mukaona timatuza toyera tozungulira chipsera chija, ndiyo mizu ikufuna kutuluka, ndipo diso la pamwamba limakhala litatupa. Chimenecho ndicho chizindikiro chodalirika kuposa kalendala. Ngati ambiri alibe, abwezeni m'firiji milungu ina iwiri kapena itatu. Mabalbu ogula kwa ogulitsa mbewu ochokera kunja nthawi zambiri amafika atazizitsidwa kale, ndiye ayang'aneni kunsi musanawaikenso pozizira pachabe. Ndipo wofuna kulowetsa mabalbu kudzera pa chipata cha m'malire cha Mwami kapena pa chipata china chilichonse ayambe wapeza chilolezo cha ofesi yoona za umoyo wa zomera.

Mahomoni a m'botolo

Tiyambe ndi masamu, chifukwa apa ndi pomwe anthu amapsereza mbewu. Miyeso imalembedwa mu ppm. Ppm imodzi ndi miligiramu imodzi m'lita imodzi ya madzi. Choncho 100 ppm ndi galamu imodzi ya mankhwala enieni m'malita 10. Mawu akuti enieni ndi ofunika: ngati pa paketi palembedwa 40%, mufunika magalamu 2.5 m'malita 10, ngati palembedwa 10%, magalamu 10. Supuni siyeza zimenezi. Pezani sikelo yaing'ono ya digito ndi jekeseni yopanda singano yoyezera zamadzi.

Homoni yodziwika kwambiri ndi GA3, ya gulu la gibberellin. Gululi linatulukiridwa ndi akatswiri a ku Japan pofufuza matenda a mpunga omwe ankatalikitsa mbande mopitirira muyeso mpaka kugwa. Mu 1926 Eiichi Kurosawa anasonyeza kuti chochititsa chinali madzi otuluka m'bowa wina. Mbiriyi ikunena kale ubwino ndi kuipa kwake: GA3 imatalikitsa. Mabalbu oviikidwa mu 100 mpaka 150 ppm kwa maola 12 mpaka 24 asanabzalidwe amamera msanga, phesi limatalika, ndipo maluwa amatha kufulumira ndi masiku angapo. Ena amapoperanso 100 ppm pa masamba, koyamba pa tsamba lachitatu, kachiwiri pa lachisanu ndi chimodzi. Mukapyola muyeso mumapeza phesi lalitali koma lowonda, lotuwa, logwa ndi kamphepo kalikonse. Ufa weniweni wa GA3 susungunuka bwino m'madzi, uyambeni mwausungunula m'timadontho ta spiriti. Sakanizani wongokwanira tsikulo, chifukwa ukakhala m'madzi umatha mphamvu.

Chomwe ogulitsa sanena kawirikawiri ndi chakuti GA3 siidzutsa bwino balbu lomwe lili mtulo tofa nato. Imakankha lomwe layamba kale kudzuka. Kuviika mabalbu okumbidwa dzulo mu GA3 ndi kutaya ndalama, ndiponso kuwanyowetsa tsiku lonse kumangoitana kuwola. Malo ake ndi pambuyo pa firiji.

Yomwe imadzutsadi maso ndi BA, ya gulu la cytokinin. Kuviika mu 20 mpaka 50 ppm kwa maola 24 kumatha kudula tulo ngakhale kuzizira kusanakwane, ndipo njira ina yodziwika ndi kuyamba ndi BA, nkutsatiza GA3 pakapita masiku atatu. Koma BA ili ndi khalidwe lomwe alimi a fodya angalimvetse msanga. Mukathena fodya, mphukira za m'mbali zimabuka, chifukwa nsonga ndiyo inkatumiza homoni ya auxin yozitsekereza. Pa balbu, diso lapakati limatsekereza anzake mwa njira yomweyo. BA imachotsa ulamuliro umenewo, maso atatu kapena anayi nkudzuka limodzi. Chakudya chomwe chikanapita ku ngala imodzi yamphamvu chimagawidwa, ngala zimafupika, zina osatuluka n'komwe. Komano pokumba mumapeza mabalbu atatu kapena anayi pomwe munabzala limodzi. Ndiye funso ndi lakuti chaka chino mukufuna maluwa kapena mbewu. Mukakhala ndi mtundu wosowa womwe mukufuna kuchulukitsa, BA ndi bwenzi. Mukakhala ndi oda ya ukwati, khalani pa muyeso wotsika kapena isiyeni.

Ethephon, yomwe ambiri amaidziwa ndi dzina la malonda la Ethrel, imasanduka ethylene ikalowa m'chomera. Nayonso imadula tulo, makamaka pa tiana, ndipo imachulukitsa mphukira. Pa mabalbu a maluwa ife sitiilimbikitsa: imachedwetsa maluwa ndi kufupikitsa phesi, ndipo muyeso ukakwera zomera zina sizitulutsa ngala. Botolo la magalamu 480 pa lita likutanthauza kuti mililita imodzi yokha m'lita ya madzi yafika kale pa 480 ppm. Imawotcha khungu ndi maso, valani magolovesi. Gulani mankhwala okhala ndi lebulo yonse, olembetsedwa ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe ku Zambia, osati othiridwa m'kabotolo kopanda dzina.

Mitundu siyankha mofanana, ndiye musaviike thumba lonse ulendo woyamba. Tengani mabalbu 20 ofanana kukula, 10 muviike m'mankhwala, 10 m'madzi okha kwa maola omwewo, mubzale mizere iwiri yoyandikana. Lembani tsiku lomera, tsiku lotuluka ngala, kutalika kwake ndi chiwerengero cha maluwa. Mukaviika musaphatikize balbu lokayikitsa, chifukwa limodzi lodwala limapatsira ndowa yonse. Umitsani pamthunzi maola ochepa nkubzala tsiku lomwelo.

Tiana tili ndi chipolopolo cholimba, ndiye tikatuluka m'firiji tiviikeni m'madzi tsiku limodzi kapena awiri kuti chifewe. Palinso njira ya madzi otentha yophera Fusarium: madigiri 53 mpaka 55 kwa mphindi 30, kenako kuziziritsa msanga m'madzi ozizira, kuumitsa, nkuika m'firiji. Imachitika pa tiana tokha, tikadali mtulo tofa nato, tisanalowe m'firiji. Totuluka kale m'firiji kapena mabalbu akuluakulu amangophikika. Wopanda themomita yodalirika asayese.

Kumunda, komwe ngala imapangika

Bzalani masentimita 10 mpaka 15 kuya, diso kumwamba, motalikirana masentimita 15 mpaka 20, mizere masentimita 30. M'nthaka ya mchenga zamitsani, m'katondo wolemera kwezani pang'ono. Nthaka ikhale yosasunga madzi, pH (muyeso wa asidi m'nthaka) ya 6 mpaka 6.5, manyowa owolerana. Feteleza wa Compound D alowe pansi osakhudza balbu. Wobereketsa thirani pang'ono pa tsamba lachitatu ndi pamene ngala ikuyamba kumveka mukagwira phesi. Nayitirojeni wochuluka amafewetsa phesi ndipo Fusarium amakondwa naye. Nsonga za masamba zikamapsa popanda chifukwa chooneka, kumbukirani kuti gladiolus amadana kwambiri ndi fluoride, yemwe amapezeka mu feteleza wa superphosphate ndi m'madzi a zitsime zina.

Kuyambira tsamba lachitatu mpaka lachisanu ndi chiwiri ndiyo nthawi yosafuna masewera. Ngala ili mkati, yanthete, ikupanga maluwa ake limodzilimodzi. Chomera chikamva ludzu, kapena chikakhala pa mthunzi wa mango, kapena mukachipanikiza ndi anzake, maluwa amachepa, ndipo zikafika poipa ngala imafera mkati. Mumangoona masamba okongola popanda duwa. Madimba a m'zigwa momwe chisanu chimakhazikika mu Juni nawonso amachita zomwezi usiku ukazizira kwambiri. Palibe GA3 yomwe ingadzutse ngala yofera mkati. Mu Sepitembala ndi Okutobala, kutentha kukamadutsa madigiri 30, phimbirani nthaka ndi udzu ndipo isaume. M'dzinja nkhondo imasanduka ya dzimbiri la masamba, lomwe timadontho take tachikasu chofiirira timayala mopingasa tsamba, ndi bowa wa Botrytis pa maluwa. Kwezani mabedi, ikani zingwe kapena timitengo tochirikiza, poperani mancozeb matenda asanafale, ndipo musabwerezenso gladiolus pamalo amodzi kwa zaka zitatu kapena zinayi.

Mitundu yambiri imatenga masiku 70 mpaka 100 kuchokera pobzala kufika podula. Chisanu chimawonjezera milungu iwiri kapena itatu, kutentha kumafupikitsa. Pokhala ndi firiji mumatha kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti mukufuna msika wa pa 14 Febuluwale ndi mtundu wa masiku 85. Kubzala kukhale cha pa 18 mpaka 20 Novembala. Mabalbu atuluke m'firiji cha pa 9 Novembala, kutanthauza kuti alowemo kumapeto kwa Ogasiti ngati mukufuna milungu 10, ndipo akhale atakumbidwa cha pa 10 Ogasiti. Wofuna maukwati a mu Disembala abzale chapakati pa Sepitembala, mabalbu atalowa m'firiji kumapeto kwa Juni. Musabzale onse tsiku limodzi. Gawani patatu, motalikirana sabata, chifukwa mitambo ya mu Januwale siiwerenga kalendala yanu.

Dulani m'mawa, duwa loyamba kapena lachiwiri la pansi likangoonetsa mtundu, ndipo siyani masamba osachepera anayi pa chomera, chifukwa ndiwo adyetse balbu la chaka chamawa. Ngala zodulazo ziime chilili m'ndowa kuchokera kudimba mpaka kwa wogula. Mukazigoneka, kaya pa keliyala ya njinga popita ku msika wa Kapata kaya m'buti ya galimoto, auxin imasonkhana ku mbali ya pansi, mbaliyo imakula msanga, nsonga nkukhotera m'mwamba pa maola ochepa, ndipo ikauma choncho siwongokanso. Kuti maluwa a kunsonga adzatseguke onse, imikani ngalazo usiku umodzi m'madzi oyera a shuga, magalamu 200 pa lita, kenako muzisamutsire m'madzi wamba m'ndowa yotsukidwa bwino.